Litsiro la pa Sitima za a Gunta

Tadala mwana wanga, Lamulungu lapitali ndinakukalipira pamaso pa ana ako chifukwa cha kainjini kofiira kali pamwamba pa kabati, ndipo unatuluka kansanza kali m'manja ukung'ung'udza kuti amayi akalamba, ayamba kukonda fumbi. Sindinakalambe choncho ayi. Kungoti nkhani yake umangoidziwa zidutswazidutswa, ndiye ndati poti mawondo andikhazika pansi ndipo ntchito ndinasiya, ndiilembe m'kope muno. Ndalemba m'Chichewa dala. Ana akowa, amene ukati mwadzuka bwanji amangoyankha m'Chiswahili kuti poa, adzavutike nacho, mwina n'kutolapo kanthu. Zaka sindizikumbuka ndi manambala, ndimazikumbuka ndi msinkhu wako.

Uli ndi miyezi isanu ndi iwiri

Za ku Balaka kumene ndinabadwira ndi za sukulu imene ndinalekezera Sitandade 6 ndizidumpha, kupatula chimodzi chimene uchimve kutsogoloku: ndili kamtsikana ndinkagulitsa chimanga chophika pa siteshoni, kuthamanga m'mbali mwa mabogi beseni lili pamutu. Ku Nairobi kuno ndinabwera ndi bambo ako, amene anali dalaivala wa bungwe lina la mpingo. Anadwala masabata atatu okha. Titawaika, a bungwe anandiuza mwaulemu kuti nyumba ija ikufunika kwa dalaivala watsopano. Kumudzi ndikanapita kwa yani? Mayi anga anali atapita kale, achimwene anali ndi nyumba yodzaza. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, iwe kumsana, Chiswahili changa chongokwanira kugula ndiwo zamasamba za sukuma ndi kutsika matatu, maminibasi a kuno, ndipo chilichonse ndinkachiopa: apolisi, agalu, chifuwa chako, ngakhale belu la pageti.

Mayi Gondwe, a kutchalitchi kwathu, amene ankakhala ku South C kuno, ndi amene anamva kuti ku Runda kuli banja la ku Jeremani lofuna wantchito wa m'nyumba. Anandiperekeza okha, njira yonse akundilangiza kuti ndisamalankhule ndisanafunsidwe, ndisamakhale pansi, ndipo mzungu akaona fumbi ngakhale pa khomo la mbewa ndiye kuti ntchito yatha. Mawu amenewa ndinawameza onse. Mwina akanasiyako theka, zimene ndikulembazi sizikanachitika.

Bwana anali a Gunta, aatali, osalankhulalankhula, ogwira ntchito za madzi ku ofesi ina ku Westlands. Adona anali a Helega. Iwowa anandiyang'ana, n'kukuyang'ana iwe, n'kunena malamulo atatu. Ndiyesedwa mwezi umodzi. Kachipinda ka antchito kuseri ndikhalamo malinga ngati ndili pa ntchito. Mwana asaponde m'nyumba yaikulu, ngakhale pa khonde. Ndinavomera zonse mutu usanaganize n'komwe, chifukwa kachipindako kanali ndi chitseko chokhoma ndi mpopi panja. Ndinkakusiya m'katoni yoyala bulangete, zenera lili lotsegula, ndiye ndikamakolopa khutu limodzi lili kwa adona, lina kuseri. Ndinkathamanga kukakuyamwitsa choimirira. Ophika anali Mama Wanjiru, mayi achikulire amene anagwira m'nyumba imeneyo zaka khumi ndi zinayi, ndipo makiyi onse ankakhala m'chiuno mwawo. Ankandiitana Mama Tadala, monga achitira kuno, ndipo ukalira iwo ankagwetsa mapoto dala kuti adona asamve.

Tsono m'nyumbamo munali chipinda chakumapeto chimene sindinkalowamo. Tsiku lililonse bwana akaweruka ankalowamo asanavule ndi nsapato zomwe, ndipo nthawi ikati 5:42 timamva kaphokoso ngati njuchi m'botolo. Chakudya chinkadikira. Alendo ankadikira. Mama Wanjiru anandiuza kuti muli tisitima, ta njanji ina ya kwawo kumene bambo awo a bwana ankayendetsa sitima, osati sitima zothamanga za anthu olemera, koma ya ana asukulu ndi anthu apantchito, yoima pa kasiteshoni kalikonse m'chigwa. Akuti bwana ankaitanitsa kabuku ka nthawi za sitima imeneyo chaka ndi chaka, ndipo ikamanyamuka kwawoko, nayonso ya m'chipinda inkayenera kunyamuka. Ndinafunsa kuti nanga amasesamo ndani. Anati, "Bwana okha." Mumtima ndinati basi, mwamuna kusesa, m'menemo ndiye muli bwinja.

Sabata yachitatu ya mwezi woyesedwa

Bwana ndi adona anapita kunyanja ku Mombasa masabata awiri. Ponyamuka adona anandiuza kuti akamabwera apeze nyumba yonse itayera, osasiya kona, ndipo ndi pamene adzandiuze ngati ndikhale. Patangopita masiku anayi, Mama Wanjiru anamva uthenga wa maliro kwawo ku Murang'a, anandiponyera mulu wa makiyi n'kuthamangira basi. Sanandiletse chilichonse. Sanaganize kuti pali munthu wofunika kumuletsa.

Ndinatsuka makatani, mafiliji awiri, pansi pa mabedi, mpaka mababu. Tsiku lachiwiri ndinaima pa chitseko chakumapeto chija kiyi ili m'manja, mawu a adona akuti osasiya kona akulira m'khutu, a Mayi Gondwe nawo akuthirira ndemanga. Ndinatsegula.

Tadala, tebulo lake linali lalikulu kuposa kachipinda kathu. Mapiri, mtsinje, mlatho, phanga loboola phiri, masiteshoni asanu ndi awiri, timatchalitchi tosongoka, ting'ombe, tianthu tating'ono ngati mpunga titanyamula tizikwama. Malo ena njanji inali imodzi yokha, ndiye panali pokhotera pamene sitima ina imadikira inzake kuti idutse. Zonse zaudongo, ndisaname. Koma sitimazo! Madenga akuda ndi mwaye, mawilo adzimbiri, m'mbali matope, mawindo otuwa. Ndinagwira pakamwa. Munthu wosamba kawiri pa tsiku, wotibwezera tambula chifukwa cha kadontho kamodzi ka madzi, n'kumasunga uve wotere? Ndipo ndinakondwa, ndisabise. Ndinati apa ndi pamene aonere kuti ine Esinati sindine wantchito wamba.

Ndinapukuta ndi nsanza, osachoka. Sopo, kungochoka pang'ono. Ndinati litsiro ili lakhalitsa. Ndinatenga sipiriti wa mawindo ndi mswachi wakale, pamenepo ndiye linayamba kusungunuka, madzi a m'beseni kuda bii. Pamene panakanika ndinabweretsa waya wokwechera mapoto. Masiku atatu ndinagwira ntchito imeneyo, kuthamanga kuseri kukakuona, kubwerera, zala zitasupuka, mainjini anayi ndi mabogi makumi awiri ndi atatu. Injini imodzi yofiira inali yakuda kuposa zonse, ndinaikwecha mpaka timanambala ta m'mbali tinachokera limodzi ndi litsiro. Apo ndinaima kaye, koma ndinati manambala ndi chiyani, bola yawala. Ndinazindandalika pa njanji zikunyezimira ngati za m'sitolo.

Mama Wanjiru atabwera ndinawakokera m'chipindamo ndikumwetulira. Anayang'ana, anayang'ananso, kenako anakhala pansi penipeni, pa matailosi, miyendo tambalale. Anandiuza pang'onopang'ono, ngati akuuza mwana, kuti litsiro lija silinali litsiro. Linali penti. Bwana ankazigula zoyera, n'kumazidetsa okha ndi kabulashi ka titsitsi titatu, akuyang'ana zithunzi za bambo awo, bogi imodzi mwezi wathunthu, ndipo anachita zimenezi zaka khumi ndi chimodzi. Injini yofiira inali ndi nambala ya injini imene bambo awo anayendetsa mpaka kupuma. Ine mpaka lero ndimafunsa: dziko lanji limene munthu wamkulu, wa digiri, amaitanitsa dzimbiri m'kabotolo pa ndege? Koma tsikulo sindinafunse. Ndinathamangira kuseri n'kukakunyamula, kaya chifukwa chiyani, ngati kuti wina akubwera kudzakulanda.

Atabwera ku Mombasa

Anafika Lachisanu masana. Adona anayenda nyumba yonse, kupititsa chala pamwamba pa zitseko, n'kunena kuti ntchito ndaipeza. Ndinathokoza. 5:42 inakwana, kaphokoso ka njuchi sikanamveke. Panangoti zii. Bwana sanakuwe, bola akanakuwa. Patapita nthawi anaitana Mama Wanjiru, ine ndili mochapira kumene mawu amamveka onse. Anafunsa kuti kiyi ya chipindacho amasunga ndani. Mama Wanjiru anati ndi iwo. Anafunsa ngati ali ndi china chonena. Anati alibe. Bwana anati ndiye mwezi ukatha apite.

Ndinawapeza kukhitchini akusenda mbatata ngati palibe chachitika. Ndisanatsegule pakamwa anandiloza ndi mpeni kuti ndikhale chete. Anati iwo ali ndi shamba, kamunda kawo ku Murang'a, ndipo mawondo atopa kale. "Iwe uli ndi chiyani? Katoni. Ukanena, ugona pati ndi mtoto ameneyu? Tseka pakamwa, Mama Tadala, ukolope." Ndipo ndinatsekadi, Tadala, usaganize kuti mayi ako anali wolimba mtima. Loweruka lonse ndinakolopa. Koma ndinkadziwa kuti maliro aja anali a mwana wawo wamkazi, ndipo wasiya ana atatu, ndinali nditaona timayunifolomu tawo titatu Mama Wanjiru atatigula n'kutibisa pansi pa matawulo.

Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi ndinakokera Mayi Gondwe pambali n'kuwafotokozera zonse. Anayamba aseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, kenako anati bodza ndi tchimo, ndiyenera kuulula. Ndinati chabwino, nanga akandichotsa ndibwere kwanu masiku ochepa? Anati aa, nthawi yake yaipa, kwabwera alamu awo ndi ana, ngakhale pabalaza pagona anthu, komabe andipempherera. Ndinakwera matatu ndili ndi malangizo okhaokha, malo ogona ayi.

Lolemba ndinagwira ntchito yonse, kenako ndinalongedza zovala zathu m'chikwama cha pulasitiki, kutsuka kachipinda, kuika kiyi yake pa zenera. Ndinati akandithamangitsa ndisabwererenso kudzatola zinthu alonda akuonerera. Ndinakubereka kumsana, n'kulowa nawe m'nyumba yaikulu koyamba, kudutsa adona amene anaimirira kapu ili m'manja, mpaka pa chitseko chakumapeto. Ndinagogoda. Bwana anali atakhala pa kampando, injini yofiira ili m'manja.

Ndinagwada, poti kwathu timatero, iwo n'kunena kuti ndiimirire, sakonda zimenezo. Ndinaimirira, mawu n'kutuluka onse nthawi imodzi, Chizungu changa cha Sitandade 6 chikugwa n'kudzuka.

"Bwana, si Mama Wanjiru, ndine, anapita ku maliro, makiyi anali ndi ine, ndinatsuka ndine, masiku atatu, iwo sanadziwe."

Bwana anafunsa kuti, "Chifukwa chiyani?"

"Zinali zakuda, bwana."

"Zimayenera kukhala zakuda." Ananena motsitsa, ndipo ndi kutsitsako kumene kunandiopsa. Anati sitima yeniyeni imagwira ntchito, imadutsa m'mvula, yoyera ndi choseweretsa cha ana. Anafunsa ngati ndinaonapo sitima yeniyeni chibadwire.

Apa sindikudziwa chimene chinandigwira. Mwina mantha akafika pamapeto amasanduka mkwiyo. Ntchito ndinali nditaitaya kale, chikwama chili pakhomo, ndiye munthu n'kundifunsa ine, ine wa pa siteshoni ya Balaka, ngati ndinaonapo sitima? Ndinati ndinaziona, ndinakulira m'mbali mwake, ndipo litsiro lawo lija linali pamalo olakwika.

"Olakwika?"

"Munadetsa zogwirira za pakhomo, bwana. Zogwirira sizichita dzimbiri, anthu amazigwira tsiku lonse, zimawala. Masitepe nawo amayera pakati pamene phazi limaponda, litsiro limathawira m'makona. Ndipo mvula ikagwa, mwaye wa padenga sukhala phee, umatsika mizeremizere pansi pa mawindo. Inu munangopaka paliponse mofanana. Litsiro silitero. Ine ndimalichotsa tsiku lililonse, ndimadziwa pamene limakhala."

Ndinalekezera pamenepo. Iwe unasankha nthawi yomweyo kuyetsemula. Bwana anatsegula kabati, anatulutsa chithunzi cha bambo awo ataima pa khomo la injini, n'kutenga galasi lokulitsa zinthu. Anayang'ana, ine ndikuwerenga matailosi. Zogwirira pa chithunzipo zinali mbee.

Sanandiuze kuti ndanena zoona, ndipo pa zaka zonse zimene ndinawagwirira sananenepo. Anangoti, "Unalichotsa ndiwe, ulibwezeretsa ndiwe. Mawa fili koloko." Ndinafunsa za Mama Wanjiru. Anati akhala, komabe kiyi ya chipindacho azisunga bwana okha. Ndinafunsa za iwe, poti fili koloko ndi nthawi imene unkadzuka. Anayang'ana kumsana kwanga ngati akukuona koyamba, n'kunena kuti katoni ikhoza kukwana pansi pa tebulo, bola manja ako asafike pa njanji. Adona anatsutsa masiku atatu m'chinenero chawo, zitseko zikumenyedwa, kenako anatopa. Mama Wanjiru sanandithokoze. Anati ndine chitsiru, ndikanagona pa msewu, n'kundiikira nyama yambiri m'mbale.

Kuyambira uli ndi chaka chimodzi mpaka uli ku pulayimale

Ndiye taganiza ntchito yake. M'mawa kuchotsa litsiro m'nyumba, masana kuliika pa sitima. Adona akundikalipira kuti pa shelefu pali fumbi, bwana akundikalipira kuti pa bogi fumbi lachepa, nyumba imodzi, tsiku limodzi. Amayi a kutchalitchi akafunsa kuti ku Runda ndimatani, ndinkangoti zam'nyumba, poti ndikanati ndimadetsa sitima akanandipititsa kwa abusa. Kabulashi kaja kankandithawa m'zala, maso ankawawa, bogi yoyamba ndinaibwereza kasanu. Bwana ankaima kumbuyo kwanga ndi galasi lawo akupumira m'khosi mwanga, kungoti apa, apa, ayi, chotsa. Ndipo 5:40 ikakwana, kaya ndili pakati pa mzere, ndichotse manja, sitima ya ana asukulu ikudutsa. Ana ake ati? Tianthu tapulasitiki tomatidwa ndi guluu, timene tadikira pa siteshoni yomweyo zaka zonse osakwera.

Chaka cha chilala, uli ndi zaka zinayi, magetsi ankazima masana onse ndipo madzi ankabwera kawiri pa sabata. Mafuta a jenereta ankasowa. Adona ankati jenereta ndi ya filiji, bwana ankati ndi ya filiji ndithu, koma 5:42 ikayandikira ankapita mwakachetechete kukazula filiji kuti sitima inyamuke pa nthawi. Ine ndi Mama Wanjiru tinkasamba ndi madzi a m'kapu, uku sitima ya ku Jeremani sinachedwepo ndi mphindi imodzi. Chaka chomwecho timabotolo ta penti tinatha, phukusi lochokera kwawo linasochera m'njira miyezi isanu. Bwana anakhala ngati odwala. Ine ndinapala phulusa la m'jiko, mbaula ya kuno, kusinja makala, kusefa ndi sefa ya tiyi, n'kupaka pa denga la bogi imodzi osawauza. Anaiyang'ana ndi galasi, anafunsa kuti penti ameneyu ndi nambala chani. Ndinati ndi nambala ya kukhitchini. Nditayesa dothi la m'munda anakana kutalitali, akuti kwawo dothi si lofiira, kodi ndikufuna sitima yawo ioneke ngati yadutsa ku Thika? Ndinati pepani, sindinadziwe kuti matope nawo ali ndi pasipoti.

Zonse tinazibwezeretsa m'zaka zisanu ndi chimodzi, kupatula injini yofiira. Timanambala take sitinapezekenso kulikonse, ndipo bwana anaiika m'kabati, osaitchula. Nthawi zina ndinkawapeza ataitulutsa, akaona ine n'kuibweza. Pamenepo ndinkadziwa kuti ngakhale timagwira limodzi, chinthu chija sichinathe. Iwe unakulira pansi pa tebulo limenelo, unaphunzira kuwerenga wotchi ndi sitima ya 5:42 usanadziwe zilembo, ndipo sunakhudzepo njanji ngakhale kamodzi, chifukwa diso langa limodzi silinachokepo pa manja ako.

Chaka chimene unalemba mayeso a sekondale

A Gunta anapuma pa ntchito n'kubwerera kwawo. Mama Wanjiru anali atapita kale ku Murang'a, pa nthawi yawo, adzukulu onse atatu atamaliza sukulu. Tebulo lija analidula zigawozigawo, tinakulunga bogi iliyonse payokha, bwana akundiuza kuti ndigwire m'munsi ndingachotse litsiro, ngati kuti sindine ndinaliika. Anandipezera ntchito kwa banja lina ku Runda komweko, kenako ndinagwira kwa ena awiri, anthu abwinobwino ofuna zinthu zoyera basi, ndipo za iwowo ndilibe zambiri zolemba.

Tsiku lomaliza a Gunta asananyamuke anandiitanira m'chipinda chija muli mbee, n'kundipatsa kabokosi. Munali injini yofiira, ikuwalabe monga ndinaisiyira, yopanda nambala. Ndinati bwana, iyi ndi ya bambo anu. Anati ya bambo awo inali ndi nambala, iyi ndi yanga, ndinaipanga ndine. Kaya kunali kukhululuka, kaya kunali kundikumbutsa, munthu uja sunkamudziwa. Kenako anawonjeza kuti ikuoneka moipa kwambiri, ndiikonze.

Sindinaipake penti. Ndinati iyi ndiisiya ide yokha, ndione ngati ndinanena zoona tsiku lija. Yakhala pamwamba pa kabati m'nyumba zitatu, yamwa utsi wa jiko, fumbi la msewu wa Mombasa, nthunzi ya nyemba zako. Ukaiyang'ana bwino, osaigwira, uona kuti fumbi lathawira m'makona ndi pansi pa mawindo, ndipo zogwirira zikuwala, poti ndimainyamulira pamenepo ndikafuna kuiona. Zanditengera zaka khumi ndi zinayi kuti ifike pamenepa, ndiye iwe n'kubwera ndi kansanza konyowa Lamulungu masana, ukuimba nyimbo.

M'nyumba muno pukuta chilichonse, mwana wanga, ngakhale ine undipukute. Injiniyo isiye.